Dontho Limodzi M'diso

Chaka chimene chitopa chinalowa mu Kalingalinga
ndinali ndi nkhuku khumi ndi zinayi
kuseri, pakati pa bafa ndi mpanda wa malata,
m'khola limene ndinakhoma ndekha
ndi matabwa otola ku Soweto.

Lolemba tambala sanalire.
Ndinampeza ali ndwii, mapiko ali lende
ngati jekete lobwereka.
Lachitatu Nangozo, thadzi langa loyamba,
logula ndi ndalama za zitumbuwa,
linapotoka khosi n'kumayang'ana kumwamba
ngati likuwerenga ndege zopita ku eyapoti.
Chitosi chobiriwira ponseponse.

Mai Nchimunya anati sinja tsabola, uthire m'madzi.
Ndinasinja.
A Daka ogulitsa makala anati phulusa.
Ndinathira.
Wina anandipatsa makapisozi ofiira ndi akuda
otsala pa chifuwa cha mwana wake.
Pofika Lamulungu zinatsala ziwiri,
zoyenda mozemba ngati zili ndi mlandu.

Nthaka ya kuno n'njamiyala,
khasu linathoka ndikukumba dzenje.
Ndisanakwirire Nangozo ndinatenga lumo la atate,
manja m'mapepala a shuga,
n'kumutsegula.
Pamwamba pa nthutumba panali timadontho tamagazi
tondandalikana ngati zilembo.
Wina analemba kalata m'mimba mwa nkhuku yanga
ndipo ine, wa giredi teni,
sindinathe kuiwerenga.
Usiku umenewo sindinalire. Ndinakwiya.

Katemera amagulitsa m'tauni,
kabotolo kochepa ngati chala chakankombaphala,
koma n'kokwanira nkhuku zana.
Ine ziwiri.
Ndiye ndinayamba kugogoda.
Kabotolo kankagona mufiriji ya Mai Nchimunya
pakati pa maayisi ogulitsa,
magetsi akathima ine liwiro ndi fulasiki,
chifukwa kakangofunda, kasanduka madzi wamba.

Mbandakucha, zisanatuluke m'makola:
phiko m'khwapa, mutu cha m'mbali,
dontho limodzi m'diso,
dikira iphethire.
Za a Daka zisanu ndi imodzi.
Za agogo a Mutinta zogona pansi pa sinki.
Za mlonda wa pasukulu, amene anandibisira zitatu
poganiza kuti ndine wa kanselo.
Ena amalipira kwacha imodzi, ena dzira,
ena zikomo wa pakamwa.

Malume Yotamu anaseka mpaka kutsamwa
nditawauza zimene ndikufuna kukaphunzira.
"Dokotala wa nkhuku?
Nkhuku mankhwala ake ndi mpeni, Tikambenji.
Bwanji unamwino, ukatibaye ife anthu?"
Sindinawayankhe kuti yunifomu ya mwana wawo
inagulidwa ndi anapiye,
kuti m'komboni muno banki imayenda ndi miyendo iwiri
n'kumapalasa padzala.
Mwezi watha anabwera okha madzulo,
chipsepse chili m'katoni, maso otupa,
osandiyang'ana kumaso.

Yunivesite ili apa, kuoloka msewu basi.
Ndikamapita kogula madeya
ndimaona ovala makhoti oyera kuseri kwa waya
atazungulira ng'ombe.
Akuti zaka zisanu ndi chimodzi.
Akuti kemisitiri ikhale yowala.
Akuti fizi yake,
ndipo apa atate amangochotsa chipewa chaulonda
n'kuyang'ana m'kati mwake.

Mayeso ndinalemba Novembala.
Mabuku ananunkha utsi wa mbaula,
poti ndinkawerenga ndikuwotcheza anapiye,
tochi ya foni kukamwa.
Tsamba la mapapo lili ndi kachitosi pakona.

Zotsatira sizinatuluke.
Mdzukulu wa Nangozo akufungatira mazira asanu ndi anayi,
lero tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chiwiri.
Dzulo ndinaunika limodzi ndi tochi:
mdima wokhawokha, kenako kanthu kanagwedezeka.
Ndinalibwezera msanga lisanazizire.

Mawa ndi tsiku la katemera.
Magetsi athima chiyambire masana.
Ndapita kale kawiri kwa Mai Nchimunya
kukagwira chitseko cha firiji,
osatsegula.