Lachinayi m'Galaja ya Orville

Dzuwa likangolowa kuseri kwa nkhokwe za migolo ku Bardstown
timakumana m'galaja ya Orville Tackett,
pomwe kale pankagona thirakitala.
Lamulo ndi limodzi lokha:
bwera ndi beboni amene ukumwa sabata ino,
osati amene umabisira alendo kuseri kwa mbale.

Marcellus ndiye amayamba, sadziwa kudikira.
Botolo lake ndi la zaka zinayi, lotchipa,
la pa shelefu ya pansi
pomwe onyada safuna kuweramira.
"Amaluma ngati galu wa eni," akutero,
"koma m'patse dontho la madzi,
uwona akugwedeza mchira."

Hollis wabwera ndi kope lake lija.
Anayima pamzere kuyambira mbandakucha, chisanu chikudya makutu,
kuti agule botolo limodzi, nambala yake yolembedwa pamanja.
Akununkhiza, maso ali tsinzi, kenaka akulemba:
uchi wopserera, fodya wouma, mapichesi,
chikopa cha chishalo cha kavalo.
"Chishalo unachilawa liti?" Marcellus akufunsa,
ndipo kuseka kwagwetsa sipanala pa khoma.

Lurleen sanena za zipatso.
Zaka makumi awiri ndi zitatu anawotcha migolo ya thundu m'kati,
nsidze zake sizinamerenso bwino.
Iye amalawa moto basi.
Uwu anauzima msanga, akutero.
Uwu anauleka mpaka thabwa linachita mang'a
ngati chidendene cha mlimi.

Wanga ndi wa tirigu, wofatsa, wosayamba ndewu.
Ndinam'gula tsiku lomwe mwana wanga anasamukira ku Ohio,
ndipo ndikumumwa pang'onopang'ono
monga ndimawerengera mauthenga ake aafupi.
Zimenezo sindinena.
Ndingoti, "Amatsika bwino."

Tsopano Orville.
Kuyambira Ogasiti adokotala anam'letsa, chiwindi chatopa.
Tonse tikudziwa, palibe amatchula.
Akutsitsa botolo la fumbi pamwamba pa kabati ya misomali,
lomwe Verna anagula asanadwale.
M'mbali mwake muli timizere ta pensulo,
Verna ankalemba pomwe mowa wafika
kuti agwire wakuba, yemwe ankagona naye bedi limodzi.
Kamzere komaliza kali patali pamwamba.

Akuthira pang'ono, msinkhu wa chala chimodzi.
Akuzunguza tambula pansi pa babu,
chimanga chija chasanduka mtundu wa mkuwa.
Akulowetsa mphuno nthawi yaitali
mpaka firiji yakale yasiya kulira n'kuyambanso.

"M'nkhokwe zija," akutero,
"mgolo uliwonse umachepa chaka ndi chaka popanda woutsegula.
Amati ndi gawo la angelo.
Iwo samwa, amangokoka fungo.
Ndiye sabata ino ndikumwa nawo amenewo,
ndayamba kuzolowerana nawo."

Palibe waseka, kupatula iye mwini.
Tambula ija yayenda dzanja ndi dzanja,
aliyense kunyowetsa milomo chabe.
Hollis watsegula kope, wagwira cholembera,
walitsekanso.
Lurleen wasunga dontho lake pa lilime, maso ali kudenga.
"Amene anawotcha uwu sankathamangira kwawo," akutero.

Panja mphepo yabweretsa fungo la phala la chimanga
lomwe likuwira usiku wonse kutsidya kwa njanji.
Makoma a tauni ino ndi akuda ndi nkhungu yodya nthunzi ya mowa,
ngakhale chikwangwani cha tchalitchi sichinapulumuke.
Mlongo wa Marcellus waliza hutala kawiri, watidzera.

Ndikutuluka ndacheuka.
Orville wapeza pensulo m'bokosi la zitsulo,
wagwada pa simenti, diso limodzi lotsinzina,
akulemba kamzere katsopano.