Maginito a m'Sipika Yakufa

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikukhuthulira oilo
m'ngalande ya kuseri kwa galaja ku Chinika.
Mvula ikagwa amayenda yekha
mpaka ku zitsime za ku Kanyama, komwe ndimagona.

Lachiwiri kunabwera Zelipa, mwana wa mlongo wanga,
uja wa ku yunivesite,
ali ndi kabotolo ka ufa wakuda bii.
Akuti: Malume, ichi n'chitsulo,
chopera mpaka diso kuchita manyazi.
Ndinaseka. Chitsulo ndimachidziwa ine,
chinandidya chala ichi.

Anatunga madzi a m'ngalande m'botolo la mayonezi,
utawaleza wauve ukuyandama pamwamba,
nawaza ufawo ngati mchere.
Maginito ake anali atawaiwala m'minibasi.
Ndinagumula sipika yakufa
n'kumupatsa a m'menemo.

Atangowagunditsa pagalasi
mdima wonse unathamangira mbali imodzi
ngati makondakitala aona wachikwama pa Kulima Tower,
oilo naye pambuyo, atagwidwa pakhosi.
Madzi anatsala okha, akundiyang'ana.

Musamwe, anatero, ntchito ikadalipo.

Ludzu ndinalibe.
Madzulo ndinasaka chigubu chosabooka
n'kuchitchera pansi pa injini.