Kabowo ka Jeti

Ku Salinas, Loweruka usiku,
mphepo ya kunyanja imabwera ndi mchere ndi chinyezi,
ndipo bambo anga, Don Heriberto, amadana nayo.
Amati imasokoneza masamu.

Botolo la naitirasi lagona kumbuyo kwa Starlet yathu,
lafunda bulangete lamagetsi ngati wodwala malungo.
Muvi wa geji ukukwawa, 880, 910,
tikudikira 950.
Botolo lozizira ndi laulesi, lotentha ndi lamisala.

Manja a bambo masiku ano amanjenjemera.
Sipanala imawapulumuka n'kuthawira pansi pa galimoto,
ndiye kumanga ndi kumasula ndi kwanga.
Iwo atsala ndi maso,
ndi kagalasi kokuzira zinthu
kamene anagula kwa wokonza mawotchi ku Ponce.

M'kachitini ka fodya muli majeti,
timikuwa tochepa ngati mano a khanda,
kalikonse ndi kabowo kake, ndi nambala yake.
"52 ku gasi, 31 ku petulo.
Moto uubweze m'mbuyo madigiri anayi.
Gasi ameneyu ndi mlendo wanjala, Nilsa.
Ukamuitana, phika zokwanira.
Akapeza petulo wochepa, adya pisitoni."

Kwathu m'garaja muli shelefu ya mapisitoni obooka,
asanu ndi awiri, iliyonse ndi deti lake.
Ina timasungiramo misomali.
Ina ndi ya chaka chimene mayi anatenga sutikesi
n'kupita ku Orlando.

Atapita kukagula khofi kuseri kwa mpanda
ndinatsegula chitini.
62.
Ndinamanga msangamsanga, mtima uli phaphapha,
petulo osamuwonjezera,
moto osaukhudza.
Wakuba sawerenga masamu.

Pamzere ndinatulutsa mpweya wa m'paipi:
psuuu, nthenga ziwiri zoyera pamwamba pa galasi,
anthu kumipando kuwa.
Chikasu, chikasu, chikasu,
chobiriwira.
Giya yachiwiri, chala pa batani,
ndipo china chake chinandimenya pamsana,
magetsi a m'mbali anasanduka chingwe chimodzi,
mano anga anaumirira mpaka ndinamva magazi.
Masekondi khumi, ndi kanyenyeswa.
Sitinafikepo pamenepo chibadwire.

Kumapeto ndinazimitsa injini pomwepo,
monga anandiphunzitsira,
kuti pulagi isaiwale zimene yaona.
Msuweni wanga Efraín anandikoka ndi chingwe,
akuimba hutala njira yonse.

Bambo sanayang'ane kapepala ka nthawi.
Anatambasula dzanja.
Yoyamba. Yachiwiri.
Yachitatu anakhala nayo nthawi yaitali pansi pa tochi.
Inali mbee, yoyera mopitirira,
ndi timadontho tonyezimira ngati mchere wowazika.
"Ukutiona? Iti ndi tizidutswa ta pisitoni yako.
Yayamba kulira misozi ya aluminiyamu."

Anatola chitini, nachigwedeza pafupi ndi khutu.
Tsekeretseke.
"Mawu amodzi akusowa muno."

Ndinadikira mkuntho.
Achule a kokí ankalira m'ngalande,
wina ankawotcha matayala kumzere,
fungo la rabala ndi la nyama yootcha zinasakanikirana.
Iwo anangofunafuna ndi chala chonjenjemera,
kajeti kanagwa, anakatola, kanagwanso,
mpaka anandiika m'manja 38.

"Ngati wamuitana wamkulu, mudyetse ngati wamkulu.
Bweza moto madigiri ena awiri.
Mapulagi atsopano, ozizirapo.
Ndipo uyeze botolo pa sikelo, lapepuka ilo."

Pulagi yachitatu ija anaiponya m'thumba la ovolosi yanga,
idakali yofunda.

Tsopano ndagwada pa simenti, tochi ili kukamwa,
chisanu cha paipi chikundiluma zala.
Kabowo aka n'kochepa kuposa diso la singano yosokera matumba.
Bambo akhala pa tayala, khofi wawo wazizira,
akuyang'ana geji, milomo ikuwerenga.
Pa shelefu paja
malo a pisitoni yachisanu ndi chitatu adakalipo,
ndinapukutapo fumbi dzulo
osadziwa chifukwa chake.

930.
"Dikira," akutero. "Dikira kaye."