Sipuling'i Yopanidwa

Tayamba mbandakucha, dzuwa la ku Ngabu lisanakwiye,
pansi pa msawu, kuseri kwa khola la mbuzi.
Pikapu yagwada ngati ng'ombe yomwa pa chithaphwi
chiyambire tsiku lija tinkachokera ku Therere ndi thonje,
msewu n'kutidyera sipuling'i ya kumanzere.

Bambo akhala pa ndowa yovundikira.
Masiku ano manja awo amanjenjemera, supuni imawapulumuka,
koma pakamwa sipanakalambe:
"Dolika, jeke si m'bale wako. Ika chitsa.
Ika chinanso."
Ndalowetsa zitsa za tsanya pansi pa chasisi,
miyala kumatayala akumbuyo,
ndagwedeza galimoto ndi phewa kuti ndimve ngati ikunama.

Tayala latuluka.
M'katimo muli matope a chaka chija
Nyakamba analowa m'nyumba osaodira;
anaumira pa mabawuti mpaka lero.
Ndathira palafini, ndadikira, ndathiranso.
Sipanala yaterereka, yandisenda chala.
"Lumikiza paipi, usalimbane nayo ndi mkono."
Bawuti yalira kamodzi ngati kamwana ka mbuzi,
kenako yavomera.

Shoko yakale ndaizula ndi dzanja limodzi,
mafuta ake anathera m'misewu kalekale.
Ndaikanikiza, yalowa, osabwereranso,
ngati achimwene anga a Bizeki
amene anati ku Joni ndi miyezi itatu yokha.

Nayi yatsopano, yakuda bii, ya ku Limbe,
mtengo wake mbuzi ziwiri ndi tonde.
Zopanira tabwereka kwa a Sozinyo ku Nchalo,
mano ake ndi odyeka, ndawapaka girizi.
Bambo atambasula dzanja lamanja
pamene panali chala chamkombaphala.
Sananene kanthu. Nkhaniyo ndikuidziwa.
Ana a anansi tawaingitsira kumlambe.

"Mbali iyi katatu, mbali iyo katatu.
Usaike nkhope pamwamba pake."
Ndikupotokola.
Chitsulo chikufupika mwakachetechete,
chikusunga chilichonse chimene ndikuchichita.
Thukuta likundilowa m'maso, sindingapukute.
Ndakumbukira amayi, momwe ankakhalira chete
chaka chimene thonje linagulidwa pa mtengo wachipongwe,
tonse tikuyenda monyang'ama pakhomo.

Yalowa. Kumapeto kwake kwakhala pa kampando kake.
Ndikumasula pang'onopang'ono, mbali iyi, mbali iyo,
ikudziwongola ngati munthu wotsika m'basi ya usiku.
Shoko pakati, bawuti yapansi, nati yapamwamba.
"Usamangitse. Dikira galimoto iponde dothi."

Mbali yachiwiri ikanatha msanga
nati ikanapanda kugwera mumchenga.
Tinaisaka ndi zala, ndi lichero,
mpaka bambo ananditumiza maginito a sipika yakufa ya wailesi.
Yatuluka pamodzi ndi misomali itatu
ndi kiyi wa loko amene tinamukanganirana chaka chatha.

Dzuwa lafika paliwombo, zitsulo sizikugwirika,
sipanala ndikuiviika m'beseni ndisanaigwire.
Ndachotsa zitsa. Jeke akutsika, akupuma.
Pikapu yaima, mphuno m'mwamba,
ngati sinagwadepo.
Bambo adzuka, akanikiza boneti ndi thupi lonse:
yatsika, yakwera, yaima.
"Kamodzi," atero. "Ndi momwemo."

Mawa ndikwera zitunda za ku Thabwa ndi mbuzi za eni ake.
Lero tingoyesa kufika pa tala n'kubwerera.
Akhala kutsogolo, kapu ya madzi m'manja,
monga ankayesera magalimoto ali ku galaja ya kumizimbe.
Ndalunjika dala pa mabampu a kudibi.
Galimoto yawameza onse.
Madzi atayika ndithu, anyowetsa buluku.
Ndayang'ana kapu, ndayang'ana msewu.

"Yendetsa, mwanawe," akutero akuseka.
"Si galimoto iyi.
Ndine."