Dzuwa Likabisala ku Tromsø

Buku langa lili ndi masamba mazana anayi
ndipo lanyowa m'chikwama, pambali pa magolovesi.
Likuti mwana amakula ngati wokwera makwerero,
phazi apa, kenako apo, osadumpha.
Ragnhild, amene watha zaka makumi atatu pa sukulu ya mkaka ino,
analitsegula, kuliyeza kulemera m'manja, n'kundibwezera.
"Mayeso ako ndi a mwezi wamawa.
Lero vala nsapato, ana akufuna panja."

Ndi Disembala.
Dzuwa linalowa kuseri kwa mapiri masabata atatu apitawo
ndipo silinatulukenso.
Masana athu ndi kambuu chabe, maola awiri, basi.

M'mawa ndinayesa za pa mutu wachisanu.
Matambula awiri, mkaka wofanana ndendende.
Wina ndinauthira m'tambula yaitali, yowonda.
"Eilif, wambiri ndi uti?"
Analoza yaitaliyo, monga buku linalosera,
ine mtima myaa, cholembera kale m'manja.
Koma iye anaikankhira kwa Máret.
"Amwe uyu. Sanadye kwawo."
Pa fomu yanga palibe mzere wolembapo zimenezo.

Sigve ndi zipi ya jekete lake sawonana ndi diso labwino.
Akatswiri ena akuti mleke, adzazitulukira yekha.
Ena akuti akakwanitsa um'mate nyenyezi ya pepala.
Enanso akuti khala pafupi, ugwire pokhapo pomwe iye safika.
Usiku amakangana m'mutu mwanga mpaka tiyi kuzizira.
Ragnhild amangogwada pa chipale chofewa,
mawondo akulira ngati chitseko,
n'kugwira kunsi kwa zipi ndi zala ziwiri,
maso ali kwina, ngati akuwerenga mbalame za padoko.
Lolemba anagwira.
Lachitatu anangokhudza.
Lachisanu manja ake anali m'matumba,
Sigve osadziwa n'komwe kuti wasiyidwa yekha.

Wondisowetsa tulo ndi Torunn,
chaka chimodzi ndi miyezi isanu.
Bambo ake akatseka geti, nyali ya njinga n'kuzimirira mumdima,
amamatira mphuno pa zenera
n'kulira kulira kosatulutsa mawu.
Buku likuti pa msinkhu wake amadziwa kale
kuti mpira wobisidwa m'bulangete ukadalipo.
Mpira, inde.
Nanga munthu?

Ndinamunyamula, anakana.
Ndinamuimbira, anandiyang'ana ngati ndam'bera.
Ndinakhala pansi n'kungokhala.
Patapita nthawi anatenga supuni yamtengo,
kuilowetsa pansi pa kapeti,
kudikira,
kuvundukula.
Ilipo.
Anabisanso. Ilipo.
Ndinawerenga mpaka khumi ndi kasanu ndi kawiri
kenako ndinasiya kuwerenga,
chifukwa ulendo wotsatira anaibisa m'dzanja langa
n'kupinda zala zanga chimodzichimodzi.

Mayeso ndinalemba.
Anafunsa magawo anayi a kakulidwe ka maganizo, ndinawatchula bwino.
Za supuni sanafunse.

Kumapeto kwa Januwale tinakwera kachitunda kuseri kwa sukulu,
ana khumi ndi asanu ndi atatu atagwira chingwe chimodzi,
mabanzi m'dengu, koko wotentha m'fulasiki.
Tinadikira, mapazi akuuma.
Kenako pakati pa mapiri awiri
kanatuluka kachidutswa, ngati m'mphepete mwa ndalama yachitsulo.
Eilif anakuwa, "Linali kuti?"
Máret anati linali kudwala.
Sigve anati ayi, linapita kuntchito.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za kupendekeka kwa dziko,
Ragnhild n'kundiponda phazi.

Torunn sangalikumbukire dzuwa,
linachoka iye akuphunzira kumene kuthamanga.
Analiyang'ana, maso akutuluka misozi,
n'kuphimba nkhope ndi magolovesi onse awiri.
Anadikira.
Anavundukula.

Linakhala nafe mphindi zochepa n'kubwereranso kuseri.
Iye sanalire.
Anatembenuka, shuga ali mbuu kukamwa,
n'kundipatsa banzi lake lolumidwa kuti ndimusungire.