Mipando Khumi ndi Iwiri

Kale ndinkayala mipando makumi asanu ndi atatu
mu holo ino ya m'tsinde mwa phiri,
uliwonse kuupukuta, patsogolo pake botolo la madzi ndi maswiti awiri.
Magalimoto ankachita kusowa poima,
madalaivala ali gonee pa kapinga
kudikira envulopu ya madzulo.

Masiku ano a manijala, Mayi Namalomba, amangoti:
"Che Likaka, khumi ndi iwiri basi.
Enawo abwera pa khoma."

Ndipo amabweradi pa khoma.
Nkhope m'timabokosi ngati nkhunda m'khola,
wina mutu wokha, wina mphuno ndi denga la nyumba yake,
wina dzina chabe, mwini wake kaya ali kubafa.
Lolemba anali a banki, Lachiwiri anamwino.
Ocheka matabwa, akuluampingo, aphunzitsi a ku Domasi,
onsewo pemphero lotsegulira ndi limodzi:
"Kodi ndikumveka?"

Bwana wina wa ku Lilongwe, wa tayi yofiira,
analankhula mphindi zitatu ngati mlamba pamtunda,
kukamwa kukuyasama, mawu osatuluka,
ndipo palibe anafuna kukhala woyamba kumuuza.

Pa geti Abiti Kaisi akadali ndi mbale zake za masitirobere,
koma nkhope ya pa khoma sigula zipatso.
Mlamu wanga dalaivala, nyumba yake ya ku Matawale
yaima pa mawindo chaka chachiwiri tsopano.
Alawansi inapita ndi mphepo yomweyi
imene ikutibweretsera alendo osadya.

Khomali ndinkadana nalo. Ndisaname.

Koma Lachinayi lapitali kunali a bungwe la zamadzi.
Mnyamata wa jekete anawerenga lipoti lake:
mijigo yonse ya cha kwa Jali ikutulutsa madzi.
M'manja mutangoyamba kulira,
kabokosi ka pakona, kakuda chiyambire m'mawa,
kanatsegula diso.

Mayi, mwana kumsana, mphepo ikukokomera mu foni,
waima pamwamba pa chulu
poti netiweki ya kwawo imakhala pamenepo.
Zaka zisanu ali mlembi wa komiti
koma mu holo ino sanapondemo:
kalata inkafika msonkhano utatha,
ya thiransipoti inkakwanira apampando okha.

"Zikomo, ndine Esinala Muhiwa.
Ndifulumira, bandulo yanga yatsala pang'ono."

Sanatsutsane ndi munthu. Anangotembenuza foni.
Tonse tinaona:
mjigo wopanda mkono,
mbuzi itagona pa simenti youma,
atsikana ali ndandanda ndi zidebe kulowera kudambo.
Tambala analira kumbuyo kwake.
Holo yonse zii,
wa jekete uja akuyang'ana nsapato zake.

Kenako magetsi anathima, monga mwa khalidwe lawo,
khoma n'kubwerera kukhala khoma.
Ndikuthamangira ku jenereta ndinamva wina akufunsa:
"Anati dzina lawo ndani mayi aja?"
Jenereta itatsokomola kawiri n'kuvomera,
nkhope zinabwerera imodziimodzi.
Yake yokha ayi.

Madzulo nkhungu itatsika kuchokera ku Chawe
ndinasonkhanitsa makapu.
Pepala losainira linali ndi mayina khumi ndi awiri,
maenvulopu anatuluka khumi ndi awiri.
Uja anakwera chulu ndi bandulo yogula yekha
analibe mzere wake.
Masamusa anatsala asanu m'mbale;
ndinawayang'ana nthawi yaitali
poti chakudya sichiyenda pa waya.
Ndinawapatsa Abiti Kaisi.

Ndimva kuti galimoto ya bungwe yalowera msewu wa Jali dzulo,
kaya yanyamula zitsulo, kaya yanyamula mafunso,
ine za kumeneko sindizidziwa.
Ntchito yanga ndi mipando.

Mawa kuli a inshuransi.
Anena kale kuti khumi ndi iwiri.
Ndiyala khumi ndi itatu,
wina cha kutsogolo, moyang'anana ndi khoma.
Mayi Namalomba akafunsa
ndidzati ndinalakwitsa kuwerenga.