Kotesheni ya ku Bembeke

Juni uno chifunga chameza phiri la Dedza,
zala zanga zikukana kumvera galasi la foni.
Ndakhala pakhonde la shopu ya Kachigamba,
pomwe netiweki imafika ngati mkamwini wamanyazi,
ndikudzaza timabokosi:
mapanelo angati, batire lamphamvu bwanji,
waya mamita angati, denga lamalata kapena laudzu.

Pulogalamuyi ndi kalaliki wosadya, wosawodzera.
Ukaiuza mababu asanu
imawonkhetsa yokha, n'kupachika msonkho kumapeto,
n'kujambula kadzuwa kachikasu pamwamba pa dzina langa
ngati ndili ndi ofesi ya makatani,
pomwe ofesi yanga ndi chikwama ichi
ndi makwerero obwereka kwa mlamu.

Ilibe bokosi la matope a ku Bembeke
aja anadula tcheni cha njinga yanga yamoto.
Ilibe bokosi la phaso lodyedwa ndi chiswe
lomwe ndidzaponde ndikupemphera.
Imangolemba mwaulemu:
mtengo uwu ndi wa masiku asanu ndi awiri,
pakuti kwacha ikutsika
ngati lole yoduka mabuleki pa Khwekhwerere.

Ndatumiza atatu.
Woyamba kwa bwana wa nyumba yamatailosi kuseri kwa chipatala:
timizere tiwiri tasanduka tabuluu, basi, zii.
Wachiwiri kwa aphunzitsi a Chimbalanga ku Linthipe,
ayankha ndi kachala koloza kumwamba,
kachala komwe sikagula ngakhale msomali.
Wachitatu ndatumiza mwamwambo chabe
kwa mayi Nasibeko, mlimi wa kachewere,
pa foni ya mdzukulu wawo.

Lachisanu ndi awo atulukira,
chipewa chaubweya, nsapato zodzaza dothi lofiira,
kotesheni yanga yosindikiza pa kefe ya kumsika
yopindidwa kanayi, ikununkha utsi ndi feteleza.
Aiyala pa bondo, atulutsa bolopeni.
Waya uyu mwachulutsa, mwananga,
nyumba yanga ndinaiyeza ndi mapazi ndisanaumbe njerwa.
Ndayang'ana: akunena zoona.
Kalaliki wanga wosawodzera uja
anangomeza bodza la chala changa chozizidwa.

Kenako bolopeni yaima pa mababu.
Pabalaza, inde. Kuchipinda kwanga, inde.
Kukhitchini. Pakhonde, akuba mbatata aziona manyazi.
Lachisanuli chotsani.
N'chipinda cha Alifeyo,
anakwera basi ya ku Joni chaka chomwe tinafolera,
uno ndi mwaka wachisanu ndi chimodzi,
nambala yake imayankha mzungu wamkazi.

Akhwatcha mzerewo.
Ine ndafufuta pa foni,
pulogalamu yachotsera yokha masauzande ake
mofulumira, mosafunsa kuti mwamwalira ndani,
kapena ngati wamwalira n'komwe.

Tinakhala chete. Minibasi inaitanira a ku Lilongwe.
Anamasula mfundo ya chitenje,
nayamba kuwerenga ndalama za matumba khumi ndi anayi,
akunyowetsa chala ndi malovu.
Atafika pakati analeka.

Zenera lakelo limayang'ana kumsewu, anatero.
Munthu akatsika usiku pa siteji paja
midzi yonse imafanana.
Libwezereni.
Koma switchi yake muike kuchipinda kwanga,
pafupi ndi mutu wa bedi.

Ndafufuza m'timabokosi tonse
poti ndilembe zimenezo.
Pali mtundu wa babu, pali mawati,
pali kuchotsera mtengo kwa kasitomala wakale.
Pansi penipeni pali kampata kakuti zina ndi zina.
Ndalembamo: waya wowonjezera, mamita asanu ndi atatu,
mtengo wake ziro.
Pulogalamu yafiira, yandifunsa ngati ndatsimikiza.

Ndadina.
Foni ya mdzukulu yalira m'thumba mwa mayi Nasibeko.
Sanaitulutse.
Angoti Lolemba mulawire,
chifunga chikachoka malata amatentha,
ndipo mubwere ndi makwerero aatali,
anu aja ndinawaona, safika.